Mlonda Wogwira Mwini Nyumba

Lolemba m'mawa pa Ginnery Corner,
magetsi angobwera kumene.
Ndayatsa kompyuta yanga yakale ija,
yolira ngati minibasi pa chitunda cha Soche,
sikirini yangofiira psuu:
wina wagwidwa usiku, akuti,
ali m'chitokosi.

Ndani? Ndapukuta magalasi.
Kapulogalamu kolemba malisiti,
kamene Sungeni, mwana wa mng'ono wanga,
anakapanga masabata atatu osagona
pa tebulo lomweli, tiyi akuzirala pambali.
Zaka ziwiri kakundiwerengera ndalama za mapepala,
sikanabepo ndi tambala yomwe.
Lero akuti ndi kachilombo.

Panja mzere wafika pa khonde la telala.
A Chimphonda akufuna ndondomeko ya maliro a mayi awo,
mapepala makumi asanu ndi atatu,
thupi linyamuka ku Gulupu teni isanakwane.
Mtsikana wa ku Zingwangwa wafumbata fulashi ngati dzira,
muli kalata yofunsira ntchito.
Ine ndili pano kukangana ndi mlonda wosaoneka
amene ndimamulipira ndekha.

Chaka chatha itabwera mbava yeniyeni,
pa fulashi ya mphunzitsi wina wa ku Chilomoni,
n'kubisa mafayilo anga onse mpaka ndinalira,
mlondayu anali kuti?
Anadzuka patapita masiku anayi
kudzandikumbutsa kuti chaka chatha, ndilipirenso.

Chikaiko wafika kuchokera ku Chirimba,
sikuludiraiva m'thumba la malaya, nsapato zili mbuu.
Ndati, mmasule mwana wanga msanga.
Iye wati, dekhani mayi,
galu wouwa mthunzi tsiku lina amauwa munthu.
Wayimbira Sungeni amutumizire kope loyambirira,
wafananitsa, palibe chasintha.
Wakatenga kukaonetsa alonda ena pa intaneti,
oposa makumi asanu ndi limodzi,
bandulo yanga ikutha ndikuona.
Auwa awiri okha.

Mlandu wake ndi kusadziwika, watero.
Alibe chidindo cha kampani yaikulu.
Ali ngati mnyamata wobwera ku shifiti ya usiku
amene a chitetezo cha m'dera amukhazika pansi ku Mbayani
chifukwa nkhope yake ndi yachilendo.

Ndiye ndimuchotse ntchito, geti likhale pululu?
Waseka. Ayi.
Ndilembe awiri?
Adzamangana okhaokha, inu ntchito itayima.
Nanga uja amagulitsa pa msika wa Limbe,
m'chimbale chopanda dzina, mtengo wa mandasi asanu?
Ameneyo kiyi wake ndi wakuba,
mukufuna mbava ikusungireni loko?

Funani wofunsa asanafufute,
amene mungamuuze kuti uyu ndi wapakhomo, iye n'kumva.
Wophunzira nkhope zatsopano za akuba tsiku ndi tsiku
koma osakudyerani bandulo yonse,
wosalemera pa kompyuta yokalambayi.
Ndipo musamvere chikwangwani chake,
onani zimene apeza amene anamuyesa.
Walankhula zambiri, zina zandidutsa,
maso anga ali pa wotchi.

A Chimphonda ndawalembera lisiti pamanja,
bolopeni ikukanakana.
Atenga mapepala akadali otentha,
sanawerenge n'komwe chenje.
Mtsikana uja wapeza dzina lake nditalilakwitsa,
tasindikizanso, ulere.

Madzulo Chikaiko walembera kalata eni mlonda wakale,
kuwauza kuti anagwira wosalakwa.
Kaya adzayankha.
Watsopano wakhala pakona pa sikirini, kachizindikiro kobiriwira,
ali chete.
Kapulogalamu ka Sungeni kabwerera pa mpando wake,
kawerenga za lero, zaperewera ndi mapepala awiri aja.

Chete ameneyu sindinamudziwebe,
kaya ndi luso, kaya ndi tulo.
Ndakopera zonse m'kadisiki kena,
ndakakulunga m'mpango, ndakaika pansi pa chikwama,
ndatseka chitseko ndi maloko onse awiri,
ndikukadikira minibasi ya ku Bangwe.